Ndiyeretseniko pang'ono achimwene: pomwe ine ndimalekezera pokonza zithunzi

Pali anzanga ena ojambula amene amanena monyadira kuti iwo saedita, chithunzi chimachoka mu kamera nkupita kwa kasitomala mmene chilili, eti chimenecho nde chithunzi chenicheni. Pali enanso amene akakhala pa laputopu amakonza mpaka munthu wa pachithunzi uja achibale ake omwe kumufunsa kuti kodi ndi iweyo apapa. Ine magulu onse awiriwa sindigwirizana nawo, ndipo nkhaniyi imandikhudza kwambiri chifukwa ndimadyera pomwepa, maukwati, zinkhoswe, ma graduation, pena maliro, ndiye funso loti ndikonze mpaka pati limandipeza pafupifupi tsiku lililonse ndikakhala pansi kusankha zithunzi.

Tiyambe ndi oti saedita aja. Chithunzi chosakonzedwa kulibe abale anga. Mukadina batani pa kamera, sensa, kachipangizo kamkati kojambula kaja, imangolandira kuwala nkusunga manambala, manambala amenewo nde amene timati RAW, ndipo mukatsegula RAW pa kompyuta chithunzi chimaoneka chozilala, mitundu yofooka, chopanda moyo. RAW ili ngati ufa, si nsima ayi, wina akuyenera kuphika. Mukasankha kujambula JPEG, chithunzi chotuluka mu kamera chokonzeka kale chija, sikuti mwathawa kuphikako, mwangoisiyira kamera kuti ikuphikireni motsatira mmene anthu a ku fakitale anaikonzera, iwo nde anasankha kale kuti thambo likhale la buluu wotani, udzu ubiriwire motani, khungu lifiire mpaka pati. Foni nde imachita kuposa pamenepo, mukadina kamodzi iyo imajambula zithunzi zingapo mwachangu nkuziphatikiza, kuchotsa timadontho tija timaoneka usiku, kuwalitsa nkhope, zonsezi inu musanaone nkomwe. Mu Malichi 2023 munthu wina anaonetsa dziko zimenezi poyera, anatenga chithunzi cha mwezi nkuchisokoneza dala kuti chisaoneke bwino, anachiika pa sikirini ya kompyuta mchipinda chamdima kenako nkuchijambula ndi foni ya Samsung, ndipo foni ija inatulutsa mwezi wooneka bwino ndi zigwa zake zomwe pa sikiriniyo panalibe. Nde wina akamati chithunzi changa ndi cha natural chifukwa sindinachikhudze, akungotanthauza kuti amene anachikhudza si iyeyo.

Ngakhale kale nthawi ya filimu zinali choncho. Photoshop inatuluka mu 1990 koma kukonza zithunzi kunayamba kalekale mchipinda chotsukira. Ansel Adams wa ku America, amene ojambula ambiri amamulemekeza kwambiri, anajambula mwezi ukutuluka pamwamba pa kamudzi ka Hernandez ku New Mexico mu 1941, ndipo zaka zonse zotsatira amati akamatsuka chithunzi chimenechi amadetsa thambo ndi manja ake pansi pa getsi mpaka linafika pooneka lakuda bii pomwe pa negativu silinali choncho. Ku Bamako ku Mali, Seydou Keïta anatsegula situdiyo yake mu 1948 ndipo amasunga zovala, mawotchi, mawailesi, ngakhale njinga yamoto zoti makasitomala azijambulitsa nazo. Kwathu kunonso ambiri tili nazo zithunzi za makolo athu atavala jekete yobwereka, dzanja lili pa wailesi ya mnzawo, wojambula wa panjinga uja atawauza kuti imani apa pamaluwapa. Palibe amene ananamizidwa, aliyense amadziwa kuti chithunzi chotere ndi chodzikongoletsera, munthu akudzionetsa mmene amafunira kuti azikumbukiridwa.

Ndiye kwa ine kuwerenga kuti wakoka mabatani angati sikuthandiza. Chimene ndimayang'ana nchakuti chithunzichi chikumuuza chani munthu amene achione, ndipo iyeyo akhulupilira chani akachiona. Pamenepa nde pamasiyana chithunzi cha nkhani ndi chithunzi cha ukwati ndi chithunzi chopachika pakhoma ngati luso.

Pa zithunzi za nkhani ine ndine wouma mtima, ndipo nkhani imene inandiphunzitsa kuuma kumeneku ndi ya Narciso Contreras. Ameneyu ndi wa ku Mexico, amajambulira bungwe la nkhani la Associated Press (AP) nkhondo ya ku Syria, ndipo anali mmodzi mwa anthu asanu a AP amene anapata mphotho yaikulu ya atolankhani ya Pulitzer mu 2013, kutanthauza kuti si wongoyamba kumene ayi, ndi munthu amene anaika moyo wake pachiswe kuti dziko lione zomwe zimachitika. Mu Sepitembala 2013 anajambula msilikali wa zigawenga akuwerama kuthawa zipolopolo, mfuti ili mmanja, chithunzi champhamvu zedi, koma pakona yammunsi panaoneka kamera ya vidiyo ya mtolankhani mnzake ili pansi. Iye anaifufuta kamera ija nkuikapo miyala ndi dothi zochokera pambali. Basi, palibenso china anasintha, msilikali ndi yemweyo, mfuti ndi yomweyo, phiri ndi lomwelo. Anaulula yekha, a AP anafufuza zithunzi zake zina pafupifupi 500 osapezanso china chosinthidwa, komabe mu Januwale 2014 anathetsa naye ubale nkuchotsa zithunzi zake pomwe anthu amagula.

Ambiri akamva amati aaa koma anamulakwira, kakamera kokhako? Inenso zimandimvetsa chisoni ndikaganiza za munthuyo, koma chigamulocho ndimagwirizana nacho. Kamera ija inalipo. Kupezeka kwake kukuuza woona kuti pamalopo panali atolankhani oposa mmodzi, ndipo woonayo ali ndi ufulu wodzifunsa kuti kodi msilikaliyu amadziwa kuti akujambulidwa, kodi zimenezi zinasintha mmene amachitira. Ukaichotsa wamulanda funso limenelo. Komanso ngati lero tavomera kuti kakamera nkakang'ono, mawa wina anena kuti munthu uyo waima kumbuyoyo ndi wamng'ononso, nde tikalekezera pati. Brian Walski wa nyuzipepala ya Los Angeles Times anachotsedwa ntchito mu Epulo 2003 chifukwa anaphatikiza zithunzi ziwiri zojambulidwa motsatizana kufupi ndi Basra ku Iraq, msilikali wa ku Britain kuchokera pa china ndi bambo wonyamula mwana kuchokera pa chinzake, zinadziwika chifukwa anthu ena okhala pansi amaoneka kawiri. Adnan Hajj, amene amajambulira bungwe la nkhani la Reuters, mu Ogasiti 2006 anachulukitsa utsi pa chithunzi cha mzinda wa Beirut ku Lebanon, a Reuters nkuchotsa zithunzi zake zonse 920. Utsi weniweni unalipo kale, mabomba anagwadi, koma chifukwa choonjezera anapereka mpata kwa aliyense wofuna kukana kuti anene kuti zonse nzabodza.

Sikuti atolankhani saloledwa kukhudza kalikonse. Malamulo a AP amalola kudula mmbali, kuwalitsa kapena kudetsa pang'ono, kukonza mitundu kuti ifanane ndi mmene zinalili, kusandutsa black and white, kuchotsa fumbi la pa sensa. Chimene salola ndi kuonjezera kapena kuchotsa chinthu, mpaka maso ofiira aja amabwera ndi fulashi salola kuwakonza. Mpikisano wa zithunzi za nkhani wa World Press Photo wa ku Amsterdam umaitanitsa ma RAW kuti ufananize, ndipo mu 2015 zithunzi 20 pa 100 zilizonse zimene zinafika chakumapeto zinachotsedwa chifukwa chokonzedwa mopyola. Amenewo ndi akatswiri a dziko lonse, nde mutha kuona kuti chiyeso chimenechi nchachikulu, sichisankha wophunzira kapena wodziwa.

Zimenezi si za kutali ayi. Kumbukirani Malichi 2023, namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera mphiri la Soche kukwilira nyumba ku Chilobwe. Anthu ku Lilongwe, ku Mzuzu, abale athu ku Joni ndi ku UK anatumiza ufa, mabulangete ndi ndalama chifukwa anaona zithunzi nkuzikhulupilira. Chikhulupiliro chimenecho nchimene wojambula nkhani amayendera, ndipo si cha iye yekha, ndi cha onse ogwira ntchitoyi. Mmodzi akangogwidwa ataonjezera matope kapena atachulukitsa anthu pa msonkhano wa ndale, tsiku limene kudzagwe tsoka lenileni anthu adzangoti ndi Photoshop iyo nkupitiriza kusuntha chala pa foni.

Chinanso chimene anthu saganizira nchakuti chithunzi chimodzi chomwecho lamulo lake limasintha malingana ndi komwe chapita. Pa 10 Malichi 2024 banja lachifumu la ku Britain linatulutsa chithunzi cha Catherine, mkazi wa Prince William, ali ndi ana ake atatu. Chithunzi cha pabanja ngati chomwe ine ndimajambula Loweruka lililonse. Koma chinaperekedwa kwa atolankhani pa nthawi imene anthu amafunsa za thanzi lake atachitidwa opaleshoni, nde chinasanduka umboni. Anthu ataona kuti mkono wa juzi ya mwana wamkazi sukulumikizana bwino, mabungwe ogawa zithunzi za nkhani a AP, Reuters, AFP ndi Getty onse anachichotsa, ndipo tsiku lotsatira mayiyo anapepesa nkuvomera kuti amayeserako kuedita. Chikanakhala mu alubamu yakunyumba palibe akanalankhula.

Tsopano tibwere ku ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, komwe kulibe mkonzi wondiimbira foni. Pa ukwati ndimakonza ndithu ndipo sindichita nazo manyazi. Maholo athu ambiri magetsi ake ndi osakanikirana, babu lina lachikasu lina loyera, kuwala kwa dzuwa kukulowanso pawindo, ukapanda kukonza diresi loyera limaoneka lachikasu mbali imodzi, la buluu mbali inayo. Ndimawongola chithunzi chopendekeka, ndimadula mmbali, ndimachotsa botolo la madzi lomwe wina anasiya pa tebulo la keke, ntchentche yomwe yatera pa velo, pholo la magetsi lomwe laima kumbuyo kwenikweni kwa mutu wa mkwati. Pankhope ndimatsatira kalamulo kamene okonza zithunzi ambiri amagwiritsa ntchito, chinthu chimene chichoke chokha pakatha sabata ziwiri ndimachotsa, chimene ndi cha munthuyo ndimachisiya. Kachiphuphu kamene katuluka dzulo chifukwa cha nkhawa ya zokonzekera, thukuta la nthawi ya pelekanipelekani, lipstick yomwe yakhudza dzino, zimenezo zimapita, chifukwa palibe amene anali mu holo muja anaziona, maso a munthu sayima pa zimenezo koma kamera nde imaimapo. Koma chipsera cha pachipumi, kampata ka pakati pa mano, kadontho kobadwa nako ka patsaya, zimenezo sindikhudza pokhapokha mwiniwake atanena yekha, ndipo akanena ndimayamba ndacheza naye kaye.

Ndikamakonza chithunzi cha agogo ndimachikulitsa mpaka nkhope itadzaza sikirini yonse. Pamenepo umaona zonse, makwinya atatu ochokera pakona ya diso kupita ku khutu, mphini ziwiri zazing'ono pafupi ndi chikope zomwe anatemedwa ali mwana, imvi zosuzumira pansi pa duku, khungu la pamasaya lonyezimira ndi mafuta omwe adzola mmawa chifukwa ndi tsiku la mdzukulu wawo. Pali mapulogalamu ena oti ukangodina kamodzi zonsezi zimasalala nthawi yomweyo, nkhope kukhala ngati ya pulasitiki, ndipo ndaonapo ma alubamu ambiri otere, agogo a zaka zambiri alibe khwinya ndi limodzi lomwe. Zimandiwawa mumtima. Chithunzi chimenecho nchimene chidzakulitsidwe tsiku la maliro awo, nchimene zidzukulutudzi zidzaone, nde tikawasalaza tawapatsa ana aja munthu amene sanakhaleko.

Koma pempho limene limabwera kwambiri kuposa onse ndi la khungu. Limabwera pa WhatsApp usiku ndikatumiza zithunzi zoyamba, mwaulemu ndithu, "achimwene zili bwino koma ndiyeretseniko pang'ono, ndaoneka wakuda kwambiri." Pena si mkwatibwi amene amanena, ndi azakhali ake kapena mnzake wapamtima. Apa ndimafuna ndilankhule mosamala chifukwa pempho limeneli limakhala ndi zinthu ziwiri mkati mwake ndipo chimodzi nchoona.

Choona nchakuti nthawi zambiri kamera imamudetsadi munthu kuposa mmene alili. Kachipangizo koyeza kuwala mu kamera kamafuna chilichonse chikhale chapakatikati, chotuwa, nde kakaona diresi loyera mbee ladzaza chithunzi kamaganiza kuti kwawala kwambiri nkuchepetsa kuwala, diresi limaoneka bwino koma nkhope ya mkwatibwi imalowa mumdima, maso osaoneka. Onjezerani dzuwa la masana lochokera pamwamba lomwe limaika mithunzi mmaso, basi munthu waoneka wina. Ndipo vutoli lili ndi mbiri yake. Kuyambira zaka za m'ma 1950 malo otsukira zithunzi amayezera mitundu ndi khadi la Kodak lomwe limatchedwa Shirley, pomwe panali chithunzi cha mzimayi wachizungu, ndiye makina onse amatcheredwa kuti khungu loyera lizituluka bwino, lathuli lizionera lokha. Lorna Roth, mphunzitsi wa payunivesite ku Canada amene anafufuza nkhaniyi, analemba kuti china chimene chinakankha kampaniyo kukonza mitundu yoderapo chinali madandaulo a ogulitsa mipando yamatabwa ndi chokoleti, chifukwa katundu wawo samaoneka bwino pa zithunzi. Makhadi okhala ndi anthu a makungu osiyanasiyana anadzabwera zaka za m'ma 1990. Mpaka mu 2021 Google imalengeza ngati chinthu chatsopano kuti kamera ya foni yake ya Pixel 6 yakonzedwa kuti izijambula bwino anthu akuda. Nde mlongo wanga akamati ndada kwambiri pa chithunzichi, pena akunena zoona, ndipo kumubwezeretsa pa mtundu wake weniweni ndi udindo wanga. Ndimayamba pojambula pomwe, kuyeza kuwala pankhope osati pa diresi, kumuimika pamthunzi, kuika mwana wondithandiza agwire reflector kapena nsalu yoyera kuti kuwala kubwerere kumaso, kenako pa kompyuta ndimatsegula mithunzi mpaka nkhope ioneke mmene ndinaionera ndi maso anga.

Chachiwiri nde chimene ndimakana. Pa Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, pali pomwe umakoka kuwala kwa mtundu wa olenji wokha, ndipo khungu la munthu aliyense limakhala mu olenji momwemo, nde ukakoka pang'ono munthu amawala, ukapitiriza amasintha mtundu, wakuda uja wasanduka woyera mu sekondi imodzi. Nzosavuta nkomwe ndipo ojambula ambiri amachita osafunsidwa, amaika preset, kakonzedwe kosungidwa kale, imodzi pa zithunzi zonse, ukwati wonse anthu kuyera mofanana kuyambira mkwati mpaka abusa. Ukayang'anitsitsa umaona khungu latuwa, lataya kufiira kuja kumene kumapangitsa khungu lakuda kukongola likawalidwa bwino, pena nkhope yayera koma zala ndi zigongono zatsala. Ine ndimayankha kuti asisi, ndikuwalitsirani chithunzi koma inuyo ndikusiyani mmene mulili, ndipo ndimatumiza ziwiri moyandikana, china chomwe kamera inadetsa ndi china chomwe ndabwezeretsa, ambiri akaona chachiwirichi mtima umakhala pansi chifukwa chimene amafuna nkuoneka bwino, ndipo anazolowera kumva kuti kuoneka bwino nkuyera.

Chifukwa chimene ndimakanira si choti ndikufuna kuphunzitsa munthu za thupi lake. Nchakuti mtundu wa khungu pa chithunzi umalankhula, ndipo amene amakonza zithunzi amadziwa zimenezi. Mu Juni 1994 magazini a Time ndi Newsweek onse anaika pachikuto chithunzi chimodzi chomwecho cha O.J. Simpson, katswiri wamasewera wakuda wa ku America amene amamuganizira kuti wapha anthu, chojambulidwa ndi apolisi. A Newsweek anachisiya mmene chinalili, a Time anachidetsa, nkhope kuda kwambiri ndi mithunzi, ndipo magazini awiriwa atakhala moyandikana mmashopu aliyense anaona yekha kuti kudetsako kumamupangitsa munthuyo kuoneka woopsa. Kuyeretsa mkwatibwi kuti aoneke wokongola ndi ganizo lomwelo, langotembenuzidwa. Mu Novembala 2017 Lupita Nyong'o, katswiri wa mafilimu wa ku Kenya, anadandaula poyera kuti magazini ya Grazia ya ku Britain inamuchotsa tsitsi lake lachilengedwe lomwe anamanga kumbuyo nkusalaza lotsalalo, wojambulayo anapepesa. Ngati zikuchitikira munthu wotchuka choncho, nanga mtsikana wa fomu 2 amene chithunzi chilichonse chimene amadziona chadutsa mu fyuluta yomwe imamuyeretsa, kumuchepetsa mphuno ndi kumukulitsa maso? Akayang'ana pagalasi amaona ngati pali cholakwika. Kuchokera pamenepo kupita ku mafuta oyeretsa khungu omwe ali mbwee mmisika yathu si patali, ndipo ena mwa mafuta amenewa amakhala ndi hydroquinone, mercury kapena ma steroid omwe amawononga khungu ndi impso, nchifukwa chake mayiko ngati Ivory Coast mu 2015 ndi Rwanda pambuyo pake anawaletsa. Sindikunena kuti wojambula nde anayambitsa zimenezi, zinayamba kale ife tisanabadwe, koma sindifuna dzanja langa likhale nawo pokankha.

Za kuchepetsa mimba ndi kukulitsa mahipi ndimaziona chimodzimodzi ngakhale pamenepa ndimafewako pang'ono. Ngati diresi lapindika moipa pambali kapena lens yanga yamukulitsa mkono chifukwa anali mmphepete mwa chithunzi, ndimakonza, cholakwa ndi cha galasi. Koma kumupanga munthu thupi lina ayi. Ku France kuyambira pa 1 Okutobala 2017 chithunzi cha malonda chomwe thupi la model lasinthidwa chimayenera kulembedwa kuti photographie retouchée, kutanthauza chithunzi chokonzedwa, ndipo Norway inayamba lamulo lofanana nalo mu 2022. Maboma amenewa sanaletse kukonza, angoti muuzeni woonayo. Ine ndikuganiza kuti pamenepo anapeza pakati peni peni pa nkhaniyi.

Kunena kumeneku nkumene kumandithandiza pa mapempho ovuta kwambiri, ochotsa kapena kuonjezera anthu. Wina amabwera ndi chithunzi cha banja lonse kuti muchotsemo bambo awa, tinasiyana. Wina amabwera ndi chithunzi cha mayi ake omwe anamwalira asanaone graduation yake, kuti muwaikeko pambali panga. Lachiwirili limandigwira mtima ndipo ndimachita, koma ndimachita moti aliyense aone kuti ndi chikumbutso, mayiwo ndimawaika chapamwamba kapena pambali mozilala pang'ono, osati kuwaimika pa udzu ndi mthunzi wawo ngati analipodi, chifukwa pakatha zaka 30 mwana wina adzatenga chithunzicho nkumatsutsana ndi akuluakulu za chaka chimene agogo anamwalira. Loyambalo ndimachita ngati munthuyo akufuna chopachika mchipinda mwake, koma ndimamupempha asataye choyambirira, ana aja tsiku lina adzafuna kuona nkhope ya bambo awo. Ndikamafufuta munthu pa chithunzi ndimakumbukira Nikolai Yezhov, mkulu wa apolisi achinsinsi a Stalin, mtsogoleri wa Soviet Union, amene anajambulidwa akuyenda pambali pa bwana wakeyo mmphepete mwa ngalande ku Moscow, ataphedwa mu 1940 anamufufuta pa chithunzicho nkuikapo madzi. Nzosiyana kwambiri ndi mayi wosweka mtima amene sakufuna kuona mwamuna amene anamuzunza, ndikudziwa, koma zimandikumbutsa kuti ntchito imeneyi si yopepuka.

Pa luso lenileni, loti munthu akupanga chithunzi cha maloto ake, mwana akuuluka pamwamba pa nyanja kaya mzimayi ali ndi mapiko, pamenepo palibe malire, chitani zomwe mtima ukufuna chifukwa palibe akunamizidwa. Bola osachitenga nkukachipereka pomwe anthu akuyembekezera zoona. Mu Epulo 2023 Boris Eldagsen wa ku Germany anapambana gawo lina la mpikisano wa Sony World Photography Awards ndi chithunzi cha azimayi awiri chomwe chinapangidwa ndi AI, pulogalamu ya kompyuta yopeka zithunzi, iye anakana mphothoyo nkunena kuti chimenechi si chojambulidwa ndipo zinthu ziwirizi zisamapikisane pamodzi. Chaka chomwecho Photoshop inabweretsa Generative Fill, ukungolemba mawu basi pulogalamu nkuikapo mtengo, mtambo, khamu la anthu. Chomwe kale chimatenga usiku wonse ndi luso pano mwana aliyense akuchita pa foni, nde kale chimene chimatiletsa pena kunali kuvuta kwa ntchitoyo, pano kwatsala kusankha kwa munthu basi. Thambo lotuwa la tsiku la ukwati ndikhoza kulisandutsa dzuwa lolowa lofiira bwino, ndimachita pa chithunzi chimodzi kapena ziwiri zokulitsa ngati eni ake apempha ndipo akudziwa, koma alubamu yonse imakhala ndi thambo limene linalipo tsikulo, ngati kunagwa mvula muli mvula ndi maambulera.

Masiku ano nkhani imeneyi ndimaikamba munthu asanapereke dipoziti. Ndimamuonetsa alubamu yathunthu ya mkwatibwi wakuda bii yomwe ndinajambula, ndi ya wina woyererako, kuti aone kuti aliyense anatuluka ndi khungu lake, ndipo ndimanena poyera kuti ziphuphu ndichotsa, kuwala ndikonza, koma mtundu ndi thupi ndisiya. Ena amathokoza nkupita kwa wina amene awayeretse, ndalama imeneyo imandidutsa ndipo mmene zinthu zadulira pano zimapweteka ndithu, koma bola tisiyane pachiyambi kusiyana nkukangana zithunzi zitatuluka. Ma RAW ndimasunga pa hard drive ndipo kasitomala akafuna kuona chithunzi chisanakonzedwe ndimamuonetsa, ngati pali chimene sindingafune kuti achione pofananiza ndiye kuti ndapyola.

Inunso amene mukufuna wojambula wa ukwati kapena chinkhoswe, musangoona zithunzi khumi zosankhidwa zomwe waika pa Facebook. Mupempheni alubamu yonse ya ukwati umodzi, muyang'ane ngati anthu onse ali ndi khungu lofanana, muyang'ane manja a mkwatibwi ngati akugwirizana ndi nkhope, mukulitse nkhope ya munthu wamkulu muone ngati makwinya alipo, ndipo mumufunse mwachindunji kuti amachotsa chani ndipo amasiya chani musanatumize ndalama.